Umboni Wopanga Yekha

Pa boda ya Mchinji panalibe banja lokoma ngati la Vitus ndi Esitele. Mwamunayo ankatayipa mapepala a katundu mu ofesi ina ya maejenti oombola katundu, mkaziyo ankagulitsa zitenje za ku Chipata komanso kuimba kwaya kutchalitchi. Loweruka ankayenda limodzi pakati pa mathiraki akugawana chimanga chootcha chimodzi, opanda manyazi.

Mu 2007 dalaivala wina anamugulitsa Vitus kamera yopanda filimu, yoti ukajambula umaona chithunzi pompo pakagalasi kakumbuyo. Sinali bizinesi, kunali kukonda chabe. Ankajambula mbuzi, mitambo, osintha ndalama, koma makamaka mkazi wake. Anzake akapita ku nkhomaliro, iye ankatsala pa kompyuta ya abwana n'kumadziphunzitsa kufufuta ziphuphu, kuwalitsa nkhope, kuchotsa munthu apa n'kumuika apo.

"Bambo, mwandiyeretsa chonchi, amayi akandizindikira?" ankatero Esitele, akuseka mpaka misozi.

Makina a masiku ano amawonjezera munthu maso, nzeru ayi. Ndanena.

Pa Pasaka Vitus anajambula kwaya yonse. Ataika chithunzicho pa kompyuta anaona kuti Esitele sankayang'ana kamera. Ankamwetulira akuyang'ana Lonjezo, mphunzitsi wosakwatira wochokera ku Thyolo, amene ankatsogolera nyimbo. Oimba onse ankayang'ana komweko, nanga woimba ayang'ana kuti? Koma Vitus anakulitsa nkhope imodzi yokha, kukulitsa, kukulitsa, mpaka inasweka kukhala timabokosi. M'timabokosimo anapezamo zimene ankafuna.

Anachimwanso pokaonetsa anyamata osintha ndalama, anthu oti pakamwa pawo sipatsekeka.

"Aise, kamera yako imaona mpaka ku Zambia, koma za kunyumba kwako siiona," anatero mmodzi, enawo n'kuseka chikhakhali.

Madzulo ake kunyumba kunalibe moni.

"Kukwaya kuja mumaphunzirako chiyani, mano onse pamtunda?"

"Nyimbo, bambo. Mukufuna ndiziimba nditakwinya nkhope ngati ndili pamaliro?"

"Usandiyankhe mwachipongwe! Mphunzitsi uja ndi ndani wako?"

"Ndi mphunzitsi. Inu ndinu mwamuna wanga. Kapena kompyuta yakuuzani zina?"

Vitus anapalasa njinga mpaka ku Mlonyeni kwa a Mateyu, amalume ake a Esitele, omwe anali ankhoswe. Mkuluyo anamvetsera akusankha fodya, osatukula mutu.

"Mkamwini, mlandu wa chigololo sitiweruza ndi maloto. Mwawagwira? Ngati ayi, bwererani. Tsiku lina mubwere ndi umboni."

Mawu amenewo anamulowa ngati minga. Umboni analibe, koma manja anali nawo. Anatenga chithunzi chimene anajambula yekha m'mawa wina wa chikondi, Esitele atakhala pabedi, chitenje pachifuwa, akuseka. Anadula Lonjezo pachithunzi cha kwaya n'kumukhazika pambali pake, mkono paphewa. Anakonza mthunzi, anafananitsa kuwala. Sanagwirepo ntchito yokongola chotero chibadwire. Mumtima ankati mkaziyo akaona agwada, alira, asiya kwaya, iye amukhululukira, basi nkhani yatha.

Anasindikiza zithunzi ziwiri, anaitanitsa a Mateyu kunyumba n'kuwapatsa chimodzi Esitele ali pomwepo. A Mateyu anali asanamvepo kuti chithunzi chinganame. Atachiona anachikhulupirira.

"Amalume, bedi limeneli ndi lathu!" anakuwa Esitele. "Anandijambula ndi iwowa!"

"Ndiye unachita kumulowetsa m'nyumba mwa mwamuna wako? Tseka pakamwa!"

"Bambo, auzeni zoona. Ndiyang'aneni, auzeni!"

Vitus anayang'ana pansi. "Ine ndimangofuna apepese."

"Apa palibe chopepesa," anatero a Mateyu. "Ukwati watha. Mwana wathu tikutenga, manyazi ake tikadya tokha."

Mwamuna akanakhala mwamuna akanalankhula pomwepo. Koma kuvomera bodza pamaso pa apongozi n'kowawa kuposa kutaya mkazi, kwa anthu onyada ngati iye. Anangoonerera Esitele akumanga katundu wake m'chitenje.

Nkhani inawanda mpaka ku mishoni ya Kachebere. Esitele anamuchotsa m'kwaya, pachitsime amayi ankaleka kulankhula iye akafika. Lonjezo naye analetsedwa kutsogolera nyimbo, ana asukulu ankamuimba m'njira. Vitus anatsala m'nyumba ya zii, mbale imodzi, kapu imodzi. Kamera inachita fumbi. Anzake omuseka aja analibe naye ntchito. Chomwe anatsala nacho chinali chithunzi chija, ndipo ankachiyang'ana tsiku ndi tsiku, mpaka maso ake omwe analeka kuona pamene analumikiza. Mkono uja unayamba kumupweteka ngati kuti si iye amene anauika.

Uku Esitele ndi Lonjezo, anthu oti anali asanakhalepo awiriwiri, anayamba kukumana mobisa kuseri kwa chigafa cha fodya. Analibe wina wowakhulupirira. Ankapangana zopita ndi chithunzi chimene chinatsala kwa a Mateyu chija ku Lilongwe kwa odziwa makompyuta, kuti mayina awo ayere.

Masana ena kusungulumwa kunamukwana Vitus. Ananyamuka kuti akamutenge mkazi wake, akuyeseza m'njira mawu okhululuka, ngati wolakwiridwa ndi iye. Atadutsa njira yachidule ya kumunda anawapeza atakhala pachigafa, mitu pamodzi, chithunzi chili pakati.

"Ehe! Si izi! Ndimanama ine?"

"Achimwene, khalani pansi," anatero Lonjezo akuimirira. "Mwandiwonongera dzina, ndiye lero mundiuze, mkono uwu ndinauika liti?"

"Ukundifunsa ine, galu iwe? Wandilanda mkazi, ukufunanso undiphunzitse?"

"Mkazi munamutaya nokha!" anatero Esitele. "Amene watikhazika pano ndinu!"

Pachipilala panali potsamira mpini wa khasu. Vitus anamenya kamodzi, pamutu. Lonjezo anamwalira ali m'ngolo, asanafike kuchipatala.

Kukhoti lalikulu apolisi anabweretsa kompyuta ya abwana ija. Zithunzi ziwiri zoyambirira zinali momwemo, china cha kwaya, china cha pabedi Esitele ali yekha. A Mateyu anaphimba nkhope ndi chipewa.

"Chithunzi ichi anapanga ndani?" anafunsa woweruza.

"Ndine, bwana."

"Ndiye munkadziwa kuti n'chabodza?"

"Ndinachipanga ndine, bwana, koma chinali choona."

Woweruza anamulamula kukhala kundende moyo wake wonse. Esitele anatuluka osacheuka. Dzina lake linayera, koma linayera ndi magazi a munthu wosalakwa, ndipo kukwaya sanabwererenso.

Lero Vitus ali m'chipinda cha anthu ochuluka, koma palibe amene amacheza naye, poti nkhani yake ndi imodzi yomweyo. Palibe amene amabwera kudzamuona. Inu amuna anzanga, nsanje si maso, ndi mmisiri. Ikasowa umboni imakhala pansi n'kuupanga, ndipo woyamba kupusitsidwa amakhala mwini wake. Akaidi akamufunsa chimene anaphera munthu, mpaka lero amayankha kuti anaona ndi maso ake.