Nsalu za Pansi pa Matiresi

Sabata yathunthu inatha Salifyanji osaponda kusukulu, chonsecho mayeso a giredi 9 anali atatsala pang'ono. Ankangogona pakama m'nyumba ya azakhali ake ku Kabwata, maso ali kudenga. Kumalo obisika kunkamuyabwa ndi kutentha moti sakanatha kukhala padesiki. Manyazi anali atamuthera, mantha nawonso. Ankangomva maminibasi akuitanira anthu a ku Cairo Road, mumtima muli zii.

Vuto lonseli linabwera ndi mphatso. Gulu la amayi a m'deralo linkasoka mapadi ansalu, ochapa n'kuvalanso, n'kumagawira atsikana kuti asamajombe kusukulu akakhala kumwezi. Mtsogoleri wawo, Ba Towela, anawauza mpaka mawu kusasa kuti akachapa aziyanika padzuwa. Koma azakhali a Salifyanji, Ba Chama, atangowaona pachingwe anawaanula ngati kukubwera mvula, nanena kuti nsalu zotere sizionedwa ndi munthu. Kuyambira pamenepo mtsikanayo ankachapa, kufinya, n'kubisa pansi pa matiresi. Ankazivala zisanaume.

Ba Towela atamva kwa aphunzitsi kuti Salifyanji sakuoneka, anafika Lachisanu masana. Mayi ameneyu sankadikira kupatsidwa mpando. Moni asanathe n'komwe anali atakhala kale pakama. Mtsikanayo anafotokoza zonse ndi mawu ozizira, ngati akunena za munthu wina. Ba Towela anatukula matiresi. Nsalu zija zinali zitachita nkhungu.

"Ba Chama, izi nsalu zifuna zuba," anatero. "Mwana azadwala maningi. Mufuna akafeluke ma ekizamu?"

Ba Chama, amene anali ataima pakhomo, anayankha osadzutsa mutu. "Imwe simuziba. Ine nsalu yanga inasoba pa waya ku Mansa nikali mtsikana. Mpaka lelo sininabalepo. Uyu ndiye mwana wanga. Mufuna bamumange mimba naeve?"

Ba Towela, amene pakamwa pawo sipankatera ntchentche, anatsitsa matiresi aja pang'onopang'ono. Za ufiti sanatsutse kapena kuvomereza. Anangonena kuti popanda dzuwa matendawo adzabweranso, ndipo anaperekeza Salifyanji kukiliniki komwe anakalandira mankhwala. Madzulo anamubweretsera mapadi atsopano.

Mwezi wotsatira, kutatsala masiku awiri kuti mayeso ayambe, Salifyanji anachapa nsalu zake Loweruka m'mawa, n'kuima nazo m'manja osadziwa kopita nazo. Loweruka ndi tsiku limene tinsomba ta kapenta timayenda malonda pamsika, koma Ba Chama sanakatsegule benchi lawo logulitsirapo tinsombato. Anamulanda mtsikanayo nsalu zija, natuluka nazo panja. Anayanika nsaluzo imodziimodzi pachingwe cha anthu onse, pakati pa malaya a aneba. Kenako anakoka kampando n'kukhala pansi pa chingwecho, dzuwa likuswa mtengo.

Amayi apampopi anayamba kukodolana. Ba Chama ankachita mantha ndithu, ndipo aliyense wodutsa ankamutsatira ndi maso mpaka akakhote. Salifyanji anatuluka ndi kapu ya madzi, naima pambali pawo.

Azakhali ake analandira kapuyo, maso osachoka pachingwe.

"Yenda ukabelenge," anatero. "Ine nili pano mpaka ziume."