Yesu Sasiyidwa Yekha

Anakumana pakhomo la katchalitchi kakang'ono, kuseri kwa tchalitchi chachikulu. Linali Lachinayi masana.

Mtsikanayo anali wosoka zovala. Onse ankangomuitana kuti Telala. Lachinayi lililonse ankatseka shopu, n'kukagwada ola limodzi pamaso pa Sakramenti Loyera. Akhristu ankalandirana maola. Lamulo linali limodzi. Yesu akaikidwa poyera paguwa, sasiyidwa yekha. Sutuluka mpaka wokulandira atafika.

Tsiku limenelo womulandira anachedwa. Maondo anawawa. Kenaka chitseko chinalira. Analowa mnyamata wamtali wa ovolosi, sikuludiraiva ili m'thumba la pachifuwa.

"Mwachedwa," ananong'ona Telala.

"Pepani. Magetsi a anthu. Mukanangopita."

"Ndimusiye ndi ndani?"

Mnyamatayo anamwetulira. Kumwetulira kwake, mayo!

M'mawa mwake anatulukira pashopu.

"Ndabwera kudzalapa."

"Pano si kwa ansembe, achimwene."

"Ndiye ndisokereni thumba ili. Labooka. Mtimanso wabooka, koma tiyambe ndi thumba."

Telala anaseka mpaka singano inamubaya chala. Chikondi chinalowera pomwepo.

Wamagetsi ankadziwa kulankhula. Mauthenga ake ankafika dzuwa lisanatuluke.

"Duwa langa, wadzuka?"

"Kandulo yanga, popanda iwe ndili mumdima, ine wamagetsi wathunthu!"

Tsiku lina anamugwira dzanja pageti la tchalitchi.

"Tinakumana pamaso pa Ambuye. Ndingakunamize bwanji? Chaka chino chisanathe, bambo mfumu alengeza maina athu. Ndalonjeza."

Ndani sakanakhulupirira? Mwamuna wogwada maondo onse awiri? Mwamuna woyenda ndi kolona m'thumba limodzi ndi mawaya?

Telala ankachita lendi zipinda ziwiri. Ankakhala ndi mng'ono wake, amene anali atangomaliza sukulu. Wamagetsi anazolowera pakhomopo. Anakonza soketi. Anakonza simbi yositira. Njinga yake yamoto inadziwika mumsewu wonse.

"Alamu afika!" ankakuwa mng'onoyo.

"Mlamu, tiyi wako akuposa wa akulu ako."

"Mukwatire ineyo ndiye!"

Onse atatu ankaseka. Telala ankaseka koposa.

Kenaka linabwera pempho.

"Wapamtima, abwana andipatsa ntchito ya Lachinayi lililonse. Kutali. Ndigwirireko ola langa. Kanthawi kochepa chabe."

"N'chovuta chiyani? Ndizikupemphereranso."

Choncho maola anakhala awiri, lake ndi la bwenzi lake. Ankazima foni. Ankagwada. Ankapempherera makwerero kuti asaterereke. Ankapempherera mawaya kuti asamugwire. Ankapempherera ukwati wawo, ndi ana amene anali asanabadwe. Mwezi unatha. Wina unatha. Kanthawi kochepa sikanathe.

Lachinayi lina anaiwala kuzima foni.

Anali yekha. Makandulo ankayaka. Paguwa panali monstransi, chotengera chagolide chonga dzuwa, mkate woyera uli pakati pa galasi. Ola lake linali litatha. La Wamagetsi linali litangoyamba.

Foni inanjenjemera m'chikwama. Anafuna kungoizima. Maso anagwera pa uthengawo. Unachokera kwa aneba, mayi wanthabwala wa nyumba yoyandikana.

"Aneba, njinga ya alamu ili pakhomo, makatani otseka masana ano! Lachinayi lililonse! Kwatiranani msanga tidzavine, musatichititse manyazi."

Telala anawerenga. Anawerenganso.

"Ndili ku tchalitchi," anayankha.

Foni inakhala chete. Kenaka inanjenjemeranso.

"Mayo ine! Ndimayesa ndinu. Pepani, aneba. Pakamwa panga!"

Ayi. Sizingatheke. Mwina wadutsa kudzatenga pulayala. Mwina soketi yapsanso. Koma makatani? Lachinayi lililonse?

Analembera Wamagetsi. "Uli kuti, wokondedwa?"

Yankho silinachedwe. "Padenga, duwa langa. Dzuwa likuwotcha. Ndipempherere."

Analembera mng'ono wake. "Uli ndi ndani?"

"Ndekha, asisi. Ndikuchapa."

Telala anadzuka. Kolona inagwa pansi. Kwawo sikunali kutali. Kuwoloka msewu, kukhota pagolosale, basi. Akathamanga awapeza. Awaone ndi maso ake! Amufunse mwana amene anamubereka kumsana, amene anamusokera yunifolomu iliyonse ya sukulu!

Anafika pachitseko. Anatsegula. Anasuzumira panja.

Pabwalo panalibe munthu. Galimoto ya bambo mfumu panalibe. Ofesi inali yotseka. Ngakhale wosesa sanaoneke.

"Alipo munthu?" anaitana. "Chonde, alipo munthu?"

Zii.

Phazi limodzi linali panja. Lina mkati. Anacheuka. Mkate woyera unali pomwepo, pakati pa makandulo. Mipando yonse inali yopanda anthu.

Apo m'pamene anamvetsa. Wamagetsi sanangosankha tsiku. Anasankha loko. Ankadziwa kuti mkazi uyu angasiye shopu, angasiye chakudya pamoto, koma chipinda ichi sangachisiye. Anamutsekera ndi chikhulupiriro chake chomwe. Kiyi n'kuika m'thumba lomwe lija la mawaya.

Anabweza phazi. Anatseka chitseko.

Sanagwade bwino. Anangogwa patsogolo pa guwa.

"Ambuye, munkadziwa?" Mawu anatuluka mokweza. M'chipindamo anali asanalankhulepo mokweza. "Ndimabwera kudzakhala nanu. Maola awiri! Maondo anga achita zikang'a. Inu kumangondiyang'ana, osandiuza? Ndimapempherera makwerero, pamene munthu ali pabedi langa?"

Makandulo ankangoyaka.

Anatenganso foni. Analemba mawu ochepa.

"Njinga yako ili pakhomo panga."

Nthawi ino yankho linachedwa. Anadikira. Mtima wopusa unkayembekezabe. Akane. Alumbire. Aname bodza labwino, iye alikhulupirira!

Uthenga unafika.

"Maliza kaye ola, tikambirana bwinobwino. Usatuluke. Ukudziwa kuti Yesu sasiyidwa yekha."

Telala anaseka. Kuseka koipa, kopanda mpweya. Munthu angakuphe ndi mpeni wako womwe, n'kukukumbutsa kuti uutsuke?

Uthenga wina unafika. Wa mng'ono wake.

"Asisi, mundikhululukire. Anati akuuzani yekha. Akuti akufuna ineyo. Musandithamangitse, ndilibe kopita."

Anazima foni. Tsopano anakumbukira kuizima.

Ola limenelo linali lalitali kuposa chaka. Anayesa Tikuoneni Maria. Sanamalize. Anayesa Atate Athu. Pa mawu a kukhululukira adani anaima. Sanapitirire. Anangokhala, misozi ikugwera pabulauzi yomwe anasoka yekha.

Anaganiza za nsalu yoyera ya diresi la ukwati imene anabisa pansi pa makina. Anali ataidula kale. Anali atayezera pa thupi la mng'ono wake, poti misinkhu yawo inali yofanana.

"Ikukhalani bwino, asisi," anatero mwanayo tsiku lija, akuzungulira pagalasi.

Inkamukhala bwino ndithu!

Pomaliza chitseko chinalira. Analowa anesi a pachipatala, mayi wa ola lotsatira, akadali mu yunifolomu. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Anagwada bondo limodzi, nadzuka. Anamukhudza paphewa.

"Pita, mwanawe. Ndafika."

Telala sanasunthe.

"Wamva? Wamasuka. Kapume kunyumba."

Telala anadzutsa nkhope. Maso anali psuu.

"Kunyumba kwake kuti, amayi?"

Anesi anamuyang'ana nthawi yaitali. Anaika chikwama pansi, nagwada pambali pake.

Khomo linali lotseguka kwa iye tsopano. Telala anayamba ola lachitatu.