Msewu wa ku Holy Island Utamira

Callum Dodds sankatha kukhala chete, ndipo akanakhaliranji chete? Munthu amene anayamba n'kutsuka mabasi a eni ake mu mzinda wa Newcastle, lero ali ndi minibasi zake zitatu zonyamula alendo odzaona dziko, mungam'tseke pakamwa? Anali atayenda mayiko makumi awiri, ndipo aliyense wokwera galimoto yake ankamva zimenezi asanamange n'komwe lamba.

Tsiku lina mvula ikuwaza, anaona mtsikana pa siteji ya basi akuwerenga kabuku ka malo otchuka a ku London.

"Achemwali, kabukuko tayani," anatero Callum.

"Kakulakwirani chiyani?"

"London? Mukaona wotchi yaikulu ndi misana ya anthu, basi! Ine ndayenda, ndikukuuzani. Dziko lili kuno kumpoto."

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira pakamwa. Dzina lake anali Rhona, ndipo ankagwira ntchito m'sitolo ya maluwa.

"Kukubwera mlendo wochokera ku Australia miyezi itatu ikubwerayi," anatero. "Mlongo wanga, mwana wa mayi aang'ono. Sindikudziwa kokamuonetsa."

"Mulungu wakukondani lero. Mwakumana ndi mwini wake!"

Lamlungu lotsatira anapita naye ku khoma lakale la Aroma, mphepo n'kumawakankha ngati ana. Lamlungu linalo anali ku tchalitchi chachikulu cha ku Durham. Kenako ku Bamburgh, kumene linga la mafumu limayang'ana nyanja, ndipo anadya nsomba ndi tchipisi za m'pepala, mbalame zikuwalanda m'manja. Rhona ankalemba zonse m'kabuku kake.

"Apa munthu angaime pati kuti chithunzi chituluke bwino?"

"Paliponse pamene waima iwe, duwa langa."

"Iwe Callum, pakamwa pakopo anapakapo uchi?"

"Ndinabadwa choncho, ndilibe mlandu."

Pofika mwezi wachiwiri, Callum anali atasiya kudya bwino. Foni ikangolira, mtima phaa! Ali pakati pofotokozera alendo a ku Japan mbiri ya mafumu, ankasokoneza mayina, maganizo ali kusitolo ya maluwa.

"Wadzuka bwanji, mfumukazi yanga? Mayiko makumi awiri, koma maso ngati akowo sindinawaone," ankalemba.

"Wabodza iwe! Komabe usasiye," Rhona ankayankha. "Ukakhala pafupi ndimaiwala zonse. Sindidzakukhumudwitsa, wapamtima."

"Sindidzakukhumudwitsa." Mawu amenewa Callum anawawerenga kangati? Anagula mphete mlungu womwewo.

Koma ankadabwa pang'ono. Akatchula zokaonekera kwa makolo, Rhona ankayang'ana pawindo. "Dikira mlendoyu abwere kaye," ankatero. Callum anaganiza kuti ndi ulemu chabe. Ndiye anakonza zake: adzapempha mlongoyo kuti awadalitse, kenako adzagwada n'kumufunsira Rhona ukwati. Malo anali atasankha kale, amene anali asanamuonetse Rhona: chilumba cha Holy Island.

Mlendo uja, Lachlan, anafika Lachisanu. Anali wamtali, wopsa ndi dzuwa, woseka ndi mano onse.

"Amenewa ndiye adalaivala aja? Rhona amakutamani kwambiri, bwana!"

Adalaivala? Callum anayang'ana Rhona. Rhona anali akufufuza china chake m'chikwama.

"Sindinamuuze za ife," ananong'ona pambuyo pake. "Ndi wovuta. Ndipatse masiku awiri."

Ku Holy Island amapita pa msewu wodutsa pamchenga, umene nyanja imaumiza kawiri pa tsiku. Aliyense wonyamula alendo amaloweza ndandanda wa nthawi zowolokera, ndipo amabweza anthu ake madzi asanakwere. Koma Callum anachita dala. Anawoloka ndi Rhona ndi Lachlan cha m'ma leveni, kutatsala mphindi khumi zokha kuti msewu utsekeke.

"Maola asanu, palibe wotuluka!" analengeza monyadira. "Chilumba chonse n'chathu. Enawo amathamangitsa alendo ngati mbuzi, ine ayi."

Rhona atalowa m'kasitolo kukagula khofi, Callum anakokera Lachlan pambali, pafupi ndi mabwinja a nyumba ya amonke.

"Achimwene, ndili ndi nkhani."

"Inenso ndili nayo, bwana! Ndiyambe ine, ndingaphulike." Lachlan anatulutsa kabokosi ka mphete m'thumba la jekete. "Inu mumadziwa malo onse. Pachilumba pano, pabwino pogwadira mkazi ndi pati?"

"Mkazi wake uti?"

"Rhona, nanga ndani? Zaka zinayi tikungoonana pafoni, ine kumigodi, iye kuno. Ulendo wonsewu anakonza yekha, mlungu ndi mlungu, kuti ndikonde dziko lake ndisamukire kuno. Mkazi ameneyu ndi golide!"

Callum anamva ngati m'makutu mwalowa madzi.

"Si mlongo wanu?"

"Mlongo?" Lachlan anaseka mpaka kuwerama. "Anthu a kuno nthabwala zanu! Tsono nkhani yanu ija?"

Callum anatembenuka. Anayenda, kenako anathamanga. Analiza minibasi n'kuitembenuza mwaukali, koma atafika pamene msewu umayambira, anaponda buleki. Msewu kunalibe. Kunali madzi okhaokha, otuwa, akuyenda mosafulumira, mitengo yosonyeza njira itangotulukira mitu.

Maola asanu! Anawasankha yekha, ndi nzeru zake zomwe!

Anatsika. Anakwera. Anatsikanso. Anayenda m'mphepete mwa madzi uku ndi uku ngati galu womangidwa. Kodi zonse zija zinali zoyeserera? Ku Durham, pamene anam'gwira dzanja pokwera masitepe? Ku Bamburgh, pamene anagona paphewa lake? Iye ankati akumanga banja, pamene ankangolimira mnzake msewu?

Rhona anam'peza patatha ola, akupuma mwawefuwefu.

"Callum, ndimvere kaye."

"Mlongo wako ali kuti?"

"Ndinkafuna kukuuza! Lamlungu lililonse ndinkati lero ndinena. Koma iwe unkabwera ndi malo ena, ukuseka, ukulankhula osapuma. Ndikanayambira pati?"

"Ndiye wolakwa ndine?"

"Ndinali ndekha, Callum. Zaka zinayi si masewera."

"Unandikondako?"

Rhona anagwetsa misozi. "Ndinakukonda Lamlungu lililonse."

"Nanga masiku enawo?"

Rhona anam'yandikira. Anangomugwira malaya. "Chonde usamuuze. Wasiya ntchito chifukwa cha ine. Ndikugwadira, wapamtima."

"Dzina limenelo usanditchulenso."

Asanamalize, Lachlan anatulukira akukupiza foni m'mwamba, nkhope ili ngwee.

"Muli kuno eti! Bwana, malo ndapeza ndekha, paphiri paja pali linga. Tiyeni mukatijambule. Ndikagwada, mudine msangamsanga!"

Anam'patsa foni. Callum anaiyang'ana, n'kuyang'ana munthu wosalakwayo, amene anawoloka dziko lonse ndi kabokosi m'thumba ngati kake komwe. Rhona ankapukusa mutu pang'onopang'ono.

Callum anabweza foniyo, n'kutulutsa yake.

"Musanagwade, achimwene, werengani mauthenga awa. Muyambire m'mwezi wa Meyi."

Lachlan anawerenga ataimirira. Kenako anakhala pamwala n'kupitiriza. Chala chokha n'chimene chinkayenda, ndipo kuseka kuja kunachoka pankhope pake ngati nyali yozima.

"Lachlan, ndikufotokozere," Rhona analira.

"Wafotokoza kale. Umalemba bwino."

Maola atatu otsalawo, anthu atatu anakhala motalikirana m'mphepete mwa nyanja, aliyense akuyang'ana madzi omwewo. Callum ankadzuka, kuyang'ana wotchi, kukhala, kudzukanso. Kodi nyanja inayamba yachedwapo chonchi?

Cha m'ma folo, phula linayamba kuonekera, lonyowa, lodzaza ndere. Lachlan anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pafupi ndi dalaivala.

"Ku bwalo la ndege, bwana."

Rhona anaima panja, atakumbatira chikwama chake, mphepo ikumwaza tsitsi lake.

"Callum, undisiya pano?"

Callum anam'yang'ana nthawi yaitali. Anali wokongolabe, ndipo chimenecho n'chimene chinkapweteka kwambiri. Anatsika, anatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kuima pambali ngati mmene amachitira ndi mlendo aliyense.

"Kwerani, mayi," anatero. "Mutiuze potsikira."