Zidutswa za ku Situdiyo

Tsiku limenelo magetsi anazima dzuwa lisanalowe, ndipo Jesinta anakhala pakhonde la nyumba yawo ku Zingwangwa, akukupiza simbi ya makala kuti asite diresi. Sinali ya kasitomala. Inali yokaonetsa pa kanema mu mpikisano wa Singano Yagolide, momwe achinyamata asanu ndi atatu odziwa kupanga masitayelo a zovala ankapikisana pamaso pa majaji ndi makamera. Lamulungu lililonse mmodzi ankatsanzika. Wotsala yekha anayenera kudzapatsidwa shopu m'tauni, makina amagetsi ali momwemo.

Pamkeka pambali pake panali achemwali ake, a Eliness, amene anamulera chimwalirireni mayi awo kwawo ku Nsanje. Iwo ankaluka zopondera za pakhomo ndi zidutswa za nsalu n'kumagulitsa pamsika. Chiyambireni mpikisano, Jesinta ankawatolera zidutswa zogwera pansi ku situdiyo komwe ankajambulirako.

"Zabuluuzi n'zandani?" anafunsa a Eliness akufufuza m'jumbo.

"Za Ramsey, wa ku Ndirande uja. Majaji akuti masuti ake alibe mnzake."

"Oho."

Pasanapite nthawi a Eliness analowa m'nyumba. Jesinta anamva fungo ngati la tsitsi lopserera. Anadzutsa simbi mwamsangamsanga, koma diresi inali bwinobwino.

Lachinayi Ramsey anadzuka zala zonse zitapindikira mkati ngati mapazi a nkhuku yakufa. Kuchipatala anamuyeza, sanapeze kanthu. Iye ankangolira kuti wina akumubaya ndi singano m'zikhatho. Lamulungu wolengeza pulogalamu anauza dziko lonse kuti Ramsey wasiya mpikisano chifukwa cha matenda, nyimbo inalira, masewera n'kupitirira.

Sabata yotsatira, Jesinta ali pamzere wotunga madzi, mayi wina woyandikana nawo nyumba anamugwira pamkono.

"Koma mumalimbikira, asisi. Dzulo makina kulira masana onse, gudugudu osapuma."

"Dzulo? Dzulo ndinali ku situdiyo tsiku lonse."

Mayiyo anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, nanyamula ndowa yake isanadzaze n'komwe.

Atafika kunyumba, Jesinta anavundukula makina ake opalasa ndi mwendo. Singano inali yofunda. Anatsegula pansi n'kupeza ulusi wakuda umene sanaukumbukire. Ataukoka ndi zala, anazindikira kuti si ulusi. Linali tsitsi la munthu, lopota bwino. A Eliness anaseka atafunsidwa. Anati iwo ndi makina n'kutali, sadziwa n'komwe popondera.

Kenaka inafika nthawi ya Brenda wa ku Machinjiri, amene madiresi ake aukwati ankasiya anthu kukamwa kuli yasa. Anamupeza masana dzuwa likuswa mtengo, atatsamira makina ake, thupi litazizira. Amayi amene anamusambitsa ananong'onezana kuti milomo inakana kutseguka, ndipo m'mphepete mwake munali timabowo tondondozana ngati msoko wa m'munsi mwa siketi.

Mphekesera zinayenda m'maminibasi kuchokera ku Chemusa mpaka ku Bangwe. Anthu anayamba kuwerenga okha: aliyense amene majaji amuyamikira kuposa mtsikana wa ku Zingwangwa, sabata silitha ali bwino. Pamsika ogulitsa tomato ankamuponyera chenji patebulo kuopa kukhudza dzanja lake. Kutchalitchi benchi yake inatsala yokha.

Jesinta anapita kwa mkulu wa pulogalamu kukapempha kuti asiye. Bamboyo anamuonetsa pepala limene anasaina, namuuza kuti anthu sanaonerepo pulogalamu yawo ngati mmene akuionera tsopano. Choncho anaganiza zodzigwetsa yekha. Anasoka diresi yokhota, mkono wina wautali, zipi yopotoka. Majaji anaikana ndithu. Koma tsiku lomwelo mnyamata wina wa mumpikisanomo anakomoka pamaso pa makamera n'kuthamangira naye kuchipatala, ndipo wolengeza anati sabata imeneyo palibenso wina amene achoke. Ena awiri anathawa okha. Wina makolo anachita kudzamutenga.

Anatsala awiri: Jesinta ndi Aziza wa ku Chilomoni.

Aziza sanali mnzake wamba. Bambo ake, che Haruna, telala wakale wapakhonde la sitolo, ndi amene anaphunzitsa Jesinta kugwira sizasi, osamulipiritsa kanthu. Atsikana awiriwa anakulira pa makina amodzi, wina akupalasa wina akukoka nsalu.

Lachisanu m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti ndime yomaliza ichitike, foni inalira Jesinta ali mu minibasi.

"Jesi," anali mawu a Aziza, otsika ngati ochokera m'chitsime. "Maso anga sakutseguka."

"Sakutseguka bwanji?"

"Zikope zagwirana. Ndikumva chinthu chikulowa, chikutuluka, chikulowa. Chayamba kutsikira kukhosi. Anthu akuti ndiwe. Ine ndakana. Ndiuze kuti si iwe."

"Si ine, Aziza! Mulungu akuona!"

Pomwepo anakumbukira kuti Lachitatu anatola zidutswa za nsalu yobiriwira ya Aziza. Anakuwa kuti atsike, nathamanga njira yonse kubwerera, nsapato zili m'manja.

Asanafike pakhomo anamva kulira kwa makina. Chitseko chinali chokhoma mkati. Anachiwomba ndi phewa kawiri, chinatseguka. Fungo la tsitsi lopserera linamutsamwitsa. A Eliness anali pa makina, atavula bulauzi, mutu uli ndi zigamba momwe anazula tsitsi lawo. Miyendo yawo inkapalasa mwaluso ngati ya munthu amene wasoka moyo wake wonse. Pansi pa singano panali kachidole ka nsalu yobiriwira, maso ake atasokedwa kale, msoko ukuzungulira khosi.

"Achemwali!"

"Tseka chitseko. Ndatsala pang'ono."

"Ndi inu? Ramsey? Brenda?"

A Eliness sanasiye kupalasa. "Ndinasiya sukulu chifukwa cha iwe. Amuna awiri anandithawa chifukwa cha iwe. Zaka zonsezi ndikuluka nsanza zoti anthu azipukutirapo matope. Iwe ulowa m'shopu imeneyo, ine ndikhala pampando pakhomo pake."

Jesinta anagwira gudumu la makina ndi dzanja. Linamusupula khungu, koma linaima. Anatsomphola chidole chija, natola lezala patebulo.

"Usayerekeze," anatero a Eliness, mawu awo atasintha. "Ulusi umenewo ukalowa subwerera chabe. Ukaudula, ufuna thupi lina. Ulowa mwa woudulayo."

"Ndiye muudule inu."

A Eliness anabisa manja kumbuyo.

Jesinta anayang'ana pakhomo. Akanakuwa, anthu akanabwera, ndipo ankadziwa bwino zimene anthu a m'tauni amachita ndi mfiti akaigwira: miyala, matayala, petulo. Amene anaima patsogolo pakeyo ndi amene anamubereka kumsana kuthawa madzi osefukira, mvula ikugwa. Anagwada pansi, nayamba kudula.

Msoko woyamba utaduka, anamva singano ikulowa m'chala chake chachikulu. Analuma mlomo. Wachiwiri unalowa m'chala cholozera. Anapitiriza, misozi ikugwera pachidolepo, kukhosi konse, kenaka diso lamanzere, kenaka lamanja. Lezala itamugwa, anaitola ndi dzanja lamanzere. Pomaliza, dzanja lake lamanja linali litafumbata lokha, lolimba ngati mwala, ndipo sanalimvenso.

Foni inalira. Anali che Haruna, akulira ngati mwana.

"Wapenya! Mwana wanga wapenya!"

Jesinta atatembenuka, m'chipindamo munalibe munthu. Chikwama cha a Eliness chinali chitachoka pamsomali.

Lamulungu Aziza anapambana popanda wopikisana naye. Jesinta anaonera pa foni, atadzitsekera m'nyumba, miyala ikugwa padenga. Anthu ataona dzanja lija anati nkhani yatha, mankhwala amubwerera mwini wake. Mwini nyumba anamupatsa masiku atatu oti asamuke.

Amene anabwera kudzamutenga anali Aziza ndi bambo ake. Anamupatsa chipinda ku Chilomoni, ndipo shopu itatsegulidwa, Jesinta ankajambula masitayelo ndi dzanja lamanzere, Aziza n'kumadula ndi kusoka. Aziza anamufunsa kamodzi kokha kuti wochita zimenezo anali ndani. Jesinta anangoyang'ana pansi, ndipo mnzakeyo sanafunsenso.

Patapita miyezi iwiri, masana ena makasitomala atadzaza, foni ya Jesinta inalira. Nambala inali yachilendo. Anatuluka panja.

"Ndamva kuti uli pa ganyu m'shopu yako yomwe," anatero a Eliness. Kumbuyo kwawo kunkamveka mbuzi ndi mphepo.

"Muli kuti, achemwali?"

"Kwathu. Ndagula makina kwa telala wina wapamsika. Akale, koma akusoka."

"Chonde, zinatha zija. Tisiyeni."

"Nsalu yobiriwira ija unandibweretsera yambiri, mwana wa mayi anga. Ndangoti ndikuuze usadzadabwe. Nthawi ino ndili kutali, sudzavutikanso ndi kudula."

Foni inaduka.

Jesinta anasuzumira pagalasi. Aziza anali atagwada, mapini ali pakamwa, akupinda diresi ya mkwatibwi wina amene ankaseka ndi anzake. Kenaka Aziza anaima pang'ono, natikita diso lamanzere ndi kuseri kwa dzanja, n'kupitiriza ntchito.

Jesinta sanalowenso kukatenga chikwama chake. Anaima pa okala yapafupi, nagula lezala imodzi, naiika m'thumba la kumanzere, komwe kunali dzanja lotsalalo. Kenaka anathamangira kokwerera basi za ku Nsanje.