Tulo ta kwa Apongozi

Mwezi wa Juni ku Rumphi munthu wanzeru sagona zenera lili pululu, chifukwa mphepo yotsika ku Nyika imalowa mpaka m'mafupa. Koma Dorica ankatsegula, mwamuna wake Hezron n'kutseka, iye n'kutsegulanso. Anakhala choncho osakangana n'kamodzi komwe, ndipo kusakanganako n'kumene kunali koopsa.

Dorica anali ndi zaka 47. Anachoka kwawo ku Ntcheu ali mtsikana, boma litamutumiza kudzaphunzitsa pulayimale, n'kukwatiwa kwa a Luhanga, banja la mpingo ndi sukulu. Chaka chimenecho kumwezi kunayamba kubwera mwa apo ndi apo. Thupi linkangotentha mwadzidzidzi, thukuta kamukamu, nsalu zofunda n'kunyowa. Tulo tinathawa. M'kalasi ankalemba deti pabolodi n'kuima ndi choko m'manja, ataiwala chimene amafuna kuphunzitsa. Sankalira, sankakwiya. Mtima wake unangochita dzanzi ngati mwendo woukhalira nthawi yaitali.

Hezron ankagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'deralo, komanso anali mkulu wa mpingo. Odwala ankamutama kuti amafotokoza matenda modekha. Kufotokozako kunkathera kuchipatala komweko, chifukwa kwa mkazi wake ankangoti, "Ndi msinkhu, zidzatha," n'kutembenukira kukhoma.

Amene anaona vutolo ndi apongozi, a NyaChavula, amayi ake a Hezron, mayi wamasiye amene nyumba yawo inali kuseri kwa khitchini. Loweruka lina m'mawa anapeza Dorica akuthira kapu yachitatu ya khofi wa ku Phoka. Anamulanda kapuyo n'kukhuthulira pamaluwa.

"Anyina Lusungu, mukudzipha nokha," anatero, pomutchula ndi dzina la mwana wake amene ankaphunzira ku Mzuzu. "Khofi uyu ndi wa anthu amene ali ndi tulo tambiri. Maso anu alowa chomene. Bwerani muzigona kwanga, ndikusamaleni. Ine njira imeneyi ndinadutsamo."

"Nanga bambo a Lusungu?"

"Ndalankhula naye kale. Wavomera."

Dorica sanafunse kuti analankhula liti, nanga analankhula zotani. Munthu amene watha miyezi isanu osagona safunsa mafunso. Anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo, amama."

Kunena zoona, mankhwala a mayiwo analibe chodabwitsa. Khofi anamuletsa. M'mawa ankamupatsa phala la soya lothira nsinjiro. Akaweruka kusukulu ankayenda naye mpaka kudimba ndi kubwerako, mayi wazaka zoposa 70 ali patsogolo, mphunzitsi akupuma wefuwefu pambuyo. Madzulo ankawiritsa udzu wa mandimu n'kuthiramo supuni ya uchi wa ku Nyika, mapazi a Dorica ali m'beseni la madzi ofunda. Foni ankailanda n'kuitsekera m'kabati. Zenera la chipinda chimene anamupatsa analisiya lotsegula, bulangete atalipinda kumiyendo kuti akamva kuzizira adzikokere yekha.

Sabata yoyamba anagona maola atatu. Yachiwiri anagona asanu. Tsiku lina anadzidzimuka dzuwa litatuluka, ndipo anakhala pabedi akuyang'ana manja ake ngati a munthu wina. Anawathokoza apongozi mpaka kugwada. Hezron ankamulonjera bwinobwino pa chakudya cha m'mawa, ankaoneka wopepukidwa, ndipo sanafunsepo kuti abwerera liti.

Patatha masabata atatu, Dorica analowa kuchipinda kwake kukatenga bulauzi yoyera ya Umanyano, gulu la amayi a mpingo. Atatsegula wadirobu anapeza malaya a Hezron atatambasuka mbali zonse ziwiri. Zake munalibe. Mafuta ake patebulo panalibe, pilo wake pabedi panalibe. Pamwamba pa wadirobu panali sutikesi yake yakale imene anabwera nayo kuchokera ku Ntcheu, itatupa ndi zovala.

"Ndalongedza ndine," anatero a NyaChavula ali pakhomo. Nkhope yawo inalibe nkhanza ngakhale pang'ono. "Ndimati ndikuuzeni mukapeza mphamvu."

"Mundiuze chiyani, amama?"

"Mwakula, mwana wane. Mkazi akasiya kupita kumwezi, amasiyanso bedi la mwamuna. Mukapitiriza, za mwamuna sizituluka, mimba imatupa, mumafa. Kwanu sanakuuzeni? Ine sindikufuna kuika maliro a mkamwana wanga. Chipinda chija ndi chanu tsopano."

Dorica anadikira kuti mkwiyo ubwere, koma sunabwere. Anakoka mpando, anakwerapo, anatsitsa sutikesi ija n'kuikokera pabalaza. Anaiika pakati penipeni, pamene munthu sangadutse osailambalala, n'kukhala pambali pake. Ku Umanyano sanapite.

Hezron anafika masana kudzadya. Ataona sutikesi anaima, chikwama chili m'manja.

"Bambo a Lusungu," anatero Dorica, mawu ake ali pansi, "mumadziwa za izi?"

"Tikambirane kuchipinda."

"Chipinda chiti? Ndamva kuti ndilibe. Mumadziwa?"

"Amama anandiuza."

"Anakuuzani kuti ndikagona nanu nditupa mimba ndife. Inu mumakhulupirira zimenezo?"

Hezron anayang'ana amayi ake, amene anakhala pamkeka pafupi ndi khomo. Anayang'ana khoma. Anaika chikwama pampando n'kuchinyamulanso.

"Amayi a msinkhu wanga amabwera kuchipatala kwanu," anapitiriza Dorica. "Anzanga a ku Umanyano amandiuza kuti a Luhanga amafotokoza bwino. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Zimene mumawauza iwo, muzinene pano, amama akumva."

"Dorica, amama ndi munthu wamkulu."

"Inenso ndakula, akutero. Nenani."

"Si zoona," anatero Hezron, mawu akutuluka movutikira. "Palibe chimene chimatupa. Palibe amene amafa nazo."

"Ndiye munavomereranji?"

Apa mkulu wa mpingo uja anagwetsa chikwama n'kukuwa. "Ndimafuna kugona! Miyezi isanu, Dorica! Zenera, thukuta, kudzuka, kuyenda, kuusa moyo. Ndinatsala pang'ono kupatsa mwana wa eni mankhwala olakwika chifukwa cha tulo. Amama atanena, ndinangoti basi, zikhale choncho. Ndinatopa!"

"Mukanandiuza kuti mwatopa, bwenzi nditayala mphasa pansi ndekha," anatero Dorica. "Zaka 24 ndili m'nyumba muno. Munalola kuti andilongedzere ngati mlendo chifukwa munasowa pakamwa ponenera kuti mwatopa."

Hezron anakhala pansi n'kugwira mutu. Misozi inkagwera pa thalauza lake. Dorica anaiona, ndipo sanamve kanthu.

"Hezron."

Anali a NyaChavula. Onse awiri anali atawaiwala.

"Wati si zoona?"

"Amama..."

"Ndakufunsa. Wati palibe amene amafa?"

"Palibe, amama."

"Unadziwa liti?"

"Kusukulu ya zachipatala."

Mayiwo anawerenga pa zala zawo pang'onopang'ono. "Ndinali ndi zaka 45 pamene ankhazi ako, alongo awo a adada ako, anandinyamulira mphasa kupita kunyumba yakuseri. Iwe unali utamaliza kale sukuluyo. Unabwera pa Khirisimasi, unaona kumene ndimagona. Adada ako anakhala moyo zaka zina 19. Ndimawaphikira, ndimawachapira, madzulo n'kuwatsanzika pakhomo ngati wantchito. Usiku umene anamwalira anali okha m'chipinda, ine ndili kuseri, ndikuti ndikudzisunga kuti ndisafe. Iwe ukudziwa, osanena?"

"Ndinkachita manyazi, amama. Mwana angalankhule bwanji za..."

"Manyazi!" Anadzuka movutikira, akukana dzanja limene mwana wawo anatambasula. "Zaka 19, Hezron!"

Anatuluka akulira mokweza, kulira kwa pamaliro, ndipo patapita kanthawi chitseko cha nyumba yakuseri chinamenyetsedwa mpaka mbale za m'khitchini zinalira.

Hezron anagwada n'kugwira chogwirira cha sutikesi.

"Ndikhululukireni, mayi a Lusungu. Ndibweza ndekha zovalazi, chimodzichimodzi. Zenera muzitsegula mmene mukufunira."

"Bwezani," anatero Dorica. "Chipinda n'changa, sindinachisiye, ndipo palibe adzandichotsemonso. Koma lero mugona nokha."

"Mukupita kuti?"

Dorica anaimirira. Anatuluka, anazungulira khitchini n'kukaima pakhomo la apongozi. Mkati kulira kunali kukumvekabe. Apo mpamene china chake chinasuntha pachifuwa pake, koyamba m'miyezi isanu, ndipo chinapweteka kwambiri. Anagogoda.

"Sindikufuna munthu!"

"Ndine Dorica, amama."

"Ndakulakwirani, mwana wane. Pitani kwa mwamuna wanu, musataye ngakhale tsiku limodzi."

"Ndipita mawa. Lero simugona nokha."

Anadikira nthawi yaitali, dzuwa likumuwotcha kumsana, misozi ikutsika osaipukuta. Kenako anamva mapazi akukwekwereza pasimenti, ndipo chitseko chinatseguka.