Mawu Obwereka

Holo ya palaibulale inali kununkha penti. Chaka chimenecho zinakwana zaka zana chibadwire mlembi uja amene mabuku ake amawerengedwa m'sukulu, ndipo akuluakulu a laibulale anakonza zochitika za mwezi wathunthu m'nyengo yotentha. Pakhomo anapachika chithunzi chake chachikulu. Mkati anayala makina ake otayipira, magalasi ake, ndi makalata ofiirira ndi ukalamba. Loweruka lililonse anthu ankasonkhana kumvetsera ena akuwerenga, ndipo kumapeto kwa mwezi kunali sewero lochokera m'buku lake lotchuka.

Ntchito yosoka zovala za seweroli inagwera mtsikana wina amene aliyense ankangomutchula kuti Telala. Ankasoka pashopu ya achemwali ake, kuseri kwa sitolo ya nsapato. Tsiku loyeza ochita sewero anafika ndi tepi m'khosi, pensulo atayisomeka m'tsitsi.

"Wotsatira," anatero osadzutsa mutu.

Panabwera mwamuna wamtali, malaya ake ali mbuu ndi choko. Anali mphunzitsi wa kusekondale, ndipo ndiye anapatsidwa mbali yaikulu m'seweromo.

"Kwezani mikono." Telala anamuzunguliza tepi m'chiuno, kenaka n'kuima. "Aphunzitsi, pumani. Mukabisa mimba lero, batani lidzakuululani pasiteji."

Anzake onse anafa nacho chiseko. Mphunzitsi anatulutsa mpweya, naye n'kuseka, manyazi ali m'maso.

"Buku lenilenili munaliwerenga, achemwali?" anafunsa.

"Eya, kalekale."

Linali bodza. Telala anasiya sukulu panjira bambo ake atamwalira, ndipo buku lalikulu ngati limenelo anali asanaligwirepo. Koma akanavomera bwanji pamaso pa mphunzitsi, m'holo yodzaza ndi anthu odziwa mabuku?

"Ndiye tizimvana," anatero Mphunzitsi. Anapempha nambala ya foni, ati kuti adziwe jekete ikatha.

Uthenga woyamba unafika m'mawa mwake, Telala akuthira mafuta m'makina.

"Ndinali nyumba yotseka mazenera onse. Inu mwangodutsa, limodzi latseguka lokha."

Anauwerenga katatu. Chibadwire, panalibe mwamuna anamuuzapo mawu otero. Amene anamufunsirapo kale ankangoti wandisangalatsa, ndipatse nambala.

"Samalani, fumbi lingalowe," anayankha.

Kuyambira tsiku limenelo foni sinagonenso. Nthawi ya buleki kusukulu, uthenga. Ana akaweruka, uthenga. Pasanathe sabata "inu" anasanduka "iwe", ndipo Telala anasanduka "duwa langa".

"Duwa langa, anthu amati dzuwa ndi limodzi. Sanakuone ukuseka."

Mphunzitsi anabwera kushopu katatu kudzayeza jekete yomwe inalibe vuto lililonse. Ulendo wachitatu anamutenga Telala kukaona chionetsero cha zinthu za mlembi uja kulaibulale. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabokosi agalasi, mapewa akugundana, kenaka anakakhala pabenchi ya panja n'kumanyambita ayisikilimu yemwe ankasungunuka msanga kuposa mmene ankadyera.

Chodabwitsa n'chakuti pamaso Mphunzitsi sankalankhula zambiri. Ankangonena za ana ovuta a m'kalasi mwake, za kutentha, za nsapato yomuthina. Telala akamuyang'ana m'maso, iye ankayang'ana pansi.

"Pafoni ndiwe mtsinje," Telala anamuseka, "koma pamaso ndiwe mpopi wouma."

"Ndikakuona mawu amathawa," anatero iye, akupukuta zala ndi kampango.

Telala anakhulupirira, ndipo anamukonda kwambiri chifukwa cha manyazi omwewo.

Sabata yachitatu achemwali ake anamukhazika pansi, makina onse atazimitsidwa. Amuna awo, akuntchito anali atawasamutsira kumzinda wina, ulendo wa maola asanu pabasi, ndipo shopu inkatsekedwa mwezi ukatha.

"Kumeneko ndapeza kale malo, aakulu kuposa ano. Tiye limodzi, mng'ono wanga. Kuno utsala ndi yani?"

"Nditsala, achemwali. Mundisiyire makina amodzi, ndizisoka pakhonde."

"Chifukwa cha mphunzitsi uja?"

Telala anangowapatsa foni kuti awerenge uthenga umene unabwera m'mawa.

"Ngakhale misewu yonse itandikana, mapazi anga adzakupeza. Ndikadzakusiya, dzina langa lidzaume pakamwa pa anthu."

Achemwaliwo anawerenga milomo ikugwedera, n'kubweza foniyo.

"Amadziwa kulankhula, zimenezo sindikana. Koma kwathu kuno wabwera kudzationa ngati mlamu? Wakuonetsa kwa abale ake?"

"Nthawi ikwana."

"Chabwino. Mtima ndi wako. Ine ndimangoopa chikomekome cha mkuyu."

Tsiku la sewero linafika. Linali Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo holo inadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Anthu ankadzikupiza ndi mapepala a pulogalamu. Telala anali asanaonerepo zokonzekera ngakhale kamodzi, chifukwa nthawi yonseyo anali pamakina. Anaima kuseri kwa katani ndi singano ndi ulusi, kudikira ngati china chingang'ambike.

Mphunzitsi analowa pasiteji atavala jekete ija. Inamukhala bwino zedi, ndipo Telala anamwetulira yekha. Kenaka analowa namwino wina wa kuchipatala, amene ankasewera ngati wokondedwa wake. Mphunzitsi anavula chipewa, n'kuyang'ana namwinoyo m'maso.

"Ndinali nyumba yotseka mazenera onse," anatero mokweza. "Inu mwangodutsa, limodzi latseguka lokha."

Telala anatchera khutu. Kapena wamva molakwa?

Sanamve molakwa. Patapita kanthawi panabwera za dzuwa limodzi. Kenaka za misewu yokana ndi mapazi. Mauthenga ake onse, amene ankawawerenga mobisa akupuma pamakina, ankatuluka umodziumodzi pamaso pa holo yonse. Anasuzumira pakampata ka katani. Pamzere wakutsogolo amayi ena achikulire ankanena nawo mawuwo, maso atatsinzina. Ana asukulu kumbuyo ankanong'ona nawo. Aliyense m'holomo ankawadziwa pamtima. Iye yekha ndiye ankayesa kuti ndi ake.

Akanachoka pomwepo, koma sanachoke. Anaonera mpaka gawo lachiwiri, pamene mwamuna wa m'seweromo anakwera sitima n'kukakwatira mwana wa munthu wolemera, wokondedwa wake uja atatsala pasiteshoni ndi kachikwama m'manja. Anthu anapukusa mitu, ena anapukuta misozi.

Telala anasomeka singano pakatani n'kutulukira khomo lakumbuyo, anthu asanayambe kuwomba m'manja.

Foni inalira njira yonse. "Uli kuti, duwa langa?" "Wandiona?" "Chachitika n'chiyani?" Sanayankhe. Atafika kunyumba anapeza achemwali ake akukulunga mbale m'manyuzipepala.

"Ndipita nawo," anatero.

Achemwaliwo anamuyang'ana nkhope, osafunsa kanthu. Anangomukokera pachifuwa, ndipo Telala analira mpaka bulauzi yawo inanyowa.

Lolemba ataweruka, Mphunzitsi anafika kushopu. Mashelefu anali opanda kanthu, nsalu zili m'makatoni. Achemwali aja anamulonjera mozizira n'kutuluka, ati akukagula chingwe.

"Ndalakwa chiyani?" anafunsa ataima pakhomo.

"Lowani, Aphunzitsi. Kapena mukufuna muyambe mwaona m'buku kuti pamenepa amayankha bwanji?"

Mphunzitsi anakhala pakatoni. "Mawu aja? Koma ndimayesa ukudziwa. Unati unaliwerenga. Ndimayesa ndi kamasewera kathu, kuti ukawaona uziwazindikira n'kumaseka."

"Sindinaliwerenge," anatero Telala. "Ndinanama. Sukulu ndinasiya panjira, ndipo ndinachita manyazi kukuuzani. Limenelo ndi bodza langa, ndalivomera. Koma inu, masabata atatu athunthu, simunaone kuti sindikuseka? Simunaone kuti ndikuyankha ndi mtima wanga wonse?"

Mphunzitsi anayang'ana pansi.

"Ndinaona," anatero. "Sabata yachiwiri ndinayamba kukayika. Koma unali utawakonda kale mawuwo, ndipo ndinaopa kuti ndikakupatsa anga uona kuti ndine munthu wamba. Ine ndimaphunzitsa mawu a anthu ena chaka ndi chaka. Anga sindinawayesepo."

"Ndiye mwa anthu onse a m'bukumo, munasankha kubwereka kwa wabodza? Amene anamusiya mnzake pasiteshoni?"

"Ndiye amene ali ndi mawu okoma."

"Eya. N'chifukwa chake ali wabodza."

Telala anapukuta maso ndi kansalu kotsala. Anamuuza za shopu, za mzinda winawo, ndi kuti anali atakana kupita chifukwa cha lonjezo limene linalembedwa iye asanabadwe.

Mphunzitsi anagwira mutu. "Sindimadziwa. Bwanji sunandiuze?"

"Ndimafuna ndidzakuuzeni sewero likatha, ngati mphatso."

"Usapite."

"Ndipita. Ndawauza kale achemwali, ndipo ulendo uno ndasankha ndi mutu."

"Ndiye ndikulonjeza kuti..."

"Musalonjeze," anamudula. "Malonjezo ndakhuta nawo. Mukafuna kubwera, basi imanyamuka m'mawa uliwonse. Mukabwera, mwabwera. Mukapanda kubwera, ndidziwa."

Mphunzitsi anaimirira. Anathandiza kunyamula makatoni awiri kupita nawo pakhomo, n'kumapita.

Anasamuka Lachinayi. Shopu yatsopano inali pafupi ndi depoti, yaphokoso, ndipo makasitomala sanachedwe kubwera. Telala ankasoka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mauthenga aja anawafufuta onse, ngakhale kuti m'mutu anakana kufufutika. Kodi munthu angaiwale bwanji mawu amene anamusangalatsa, ngakhale atadziwa kuti anali a eni?

Sabata yoyamba foni inali zii. Yachiwiri chimodzimodzi. Achemwali ake sanatchule dzina la mphunzitsi ngakhale kamodzi, ndipo Telala anawathokoza mumtima.

Lachisanu la sabata yachitatu kunabwera uthenga waufupi, wopanda duwa, wopanda dzuwa.

"Mayeso a ana atha lero. Ndikwera basi ya mawa m'mawa. Sindikudziwa kuti ndidzanena chiyani."

Telala anawaonetsa achemwali ake. Iwo anauwerenga, n'kukweza nsidze.

"Awa ndiye mawu ake," anatero. "Palibe mlembi angalembe zouma chonchi."

Loweruka Telala anati sapita kudepoti. Anasoka siketi imodzi, n'kuisula, n'kuisokanso. Itakwana nthawi ya nkhomaliro achemwali ake anamulanda sizasi.

"Pita, usandiwonongere nsalu za eni."

Basi inachedwa maola awiri. Telala anaima pamthunzi wa chikwangwani, akudziuza kuti ikafika ina yopanda iye abwerera. Itafika, anthu anatsika ndi akatundu awo, amayi ndi ana, anyamata a zikwama. Mphunzitsi anatsika kumapeto, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta. Pambuyo pake panatsika mayi wachikulire wovala duku, atagwira chitseko mosamala.

Telala anaima chilili.

"Awa ndi mayi anga," anatero Mphunzitsi, akuyang'ana pansi. "Ndinawauza zonse. Anati ndikabwera ndekha ndidzangoima ngati mtengo."

Mayiwo anamuyang'ana Telala kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumugwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Ndiwe amene wamusowetsa chakudya mwana wangayu? Bambo ake analinso chimodzimodzi, mwanawe. Anandifunsira pondifunsa ngati kwathu mvula inagwa." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Lankhulatu. Ine ndakwera basi maola asanu ndi awiri, sindilankhulanso m'malo mwako."

Ulendo uno Mphunzitsi anamuyang'ana Telala m'maso.

"Ndatopa, ndili ndi njala, ndipo ndakusowa kwambiri. Ndinalakwa. Ndikufuna ndionane ndi achemwali ako, ngati ungalole."

Telala anayesa kuumitsa nkhope, koma milomo inamukanika.

"Basi? Zatha?"

"Zatha. Ndilibe ena."

Telala anawalandira mayiwo chikwama, n'kuchikoleka paphewa.

"Tiyeni, amayi, si patali," anatero. Atayenda pang'ono anacheukira Mphunzitsi. "Nawenso tiye. Ukanenenso zomwezo kwa achemwali, usawonjezere kanthu."