Mbendera Yofiira ya Agogo Lazarous

Tiza ankakhala ku Katondo, m'tauni ya Kabwe. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Miyendo yake sinkadziwa kukhala phee.

Tiza ankafuna chinthu chimodzi chabe. Ankafuna kuvina pa Misa ya Pasaka.

Ku tchalitchi kwawo atsikana amavina patsogolo pa ansembe. Amavala zoyera. Amawatchula kuti Masitela. Chaka chimenecho Tiza naye anali Sitela.

Diresi yoyera anamugulira pa Khirisimasi. Amayi anaitsekera m'sutikesi kuti isade.

Tiza ankayeseza m'khitchini. Ankayeseza pa mpopi. Ankayeseza ngakhale chitumbuwa chili m'kamwa.

"Mwana iwe, udzatiboolera simenti," ankatero Agogo Lazarous.

Agogo Lazarous kale anali gadi wa sitima. Anali ndi mbendera ziwiri zakale. Yofiira imati, "Ima!" Yobiriwira imati, "Pita!"

Kenako kunabwera matenda a korona. Pa chitseko cha tchalitchi anaikapo loko. Misa inasamukira pa wayilesi. Kugwirana chanza kunatha. Mphuno zonse zinabisala.

Amayi a Tiza ankasoka masiki tsiku lonse. Azimayi a tchalitchi ankakagawira okalamba ndi odwala.

"Agogo, nanga pa wayilesi munthu amavina bwanji?" anafunsa Tiza.

"Amalowa mkati," anayankha Agogo. "Koma uyambe wachepa ngati nyerere."

Tiza sanaseke. Mlomo unatalika ngati wa bakha.

Loweruka kunabwera a Prudence a kwaya. Anaima patali, kunja kwa geti.

"Odi kuno!" anafuula. "Mawa, pa Pasaka, tchalitchi ibwera kwa inu! Ansembe athu, Bambo Kondwelani, adzakwera lole. Sipika idzakhala pamwamba. Sitela aliyense adzavine pa geti pakwawo!"

"Pa geti pathu pano?" anafunsa Tiza.

"Pomwepo! Koma lole siima. Ikaima, anthu angaunjikane. Ikadutsa, yadutsa!"

Tiza analumpha. Anazungulira. Anaponda mchira wa mphaka. Mphaka anakadandaulira padenga.

Lamlungu m'mawa Tiza anasamba msanga. Anavala masokosi oyera. Anavala masiki yoyera. Amayi anatsegula sutikesi.

Mutu unalowa. Manja analowa. Koma zipi inakana!

"Bweza mimba," anatero Amayi.

Tiza anabweza mimba. Zipi inakana.

"Bwezanso!"

Tiza anabwezanso. Zipi inakanabe.

"Diresi yachepa, Amayi!"

"Diresi sinachepe," anatero Agogo. "Ndi zitumbuwa zija. Zabwera kudzavina nazo."

Kutali kunamveka nyimbo. Aleluya! Aleluya!

"Akubwera!" anakuwa Tiza.

Amayi anatenga kansalu kosokera masiki. Anatenga singano.

"Ima chilili. Ndisokera pamsana pomwepa."

Singano inalowa. Singano inatuluka. Nyimbo inafika pa msika.

Singano inalowa. Singano inatuluka. Nyimbo inafika pa kona.

"Amayi, fulumirani!"

"Usagwedezeke, ndingakusokere pamodzi ndi diresi!"

Tiza anasuzumira pa windo. Lole ija, iyo! Mnzake Nosiku anali kuvina kale pa geti pakwawo. Panatsala mageti awiri chabe. Misozi inanyowetsa masiki ya Tiza.

Agogo Lazarous anaimirira. Anavala chipewa chawo cha ku sitima. Anatenga mbendera zija. Anatuluka, ndodo gu, gu, gu.

Anaima pa geti. Anatukula mbendera yofiira m'mwamba.

Woyendetsa lole anali a Darius. A Darius kale ankayendetsa sitima. Zaka makumi atatu sanadutsepo mbendera yofiira. Mutu unali usanaganize, koma phazi linali litaponda kale buleki.

Tswiii! Lole inaima.

Bambo Kondwelani anagwira chitsulo. Magalasi anatsikira pa masiki.

"A Darius, mwaimiranji?"

"Yofiira, Bambo!" anayankha a Darius. "Ine yofiira sindidutsa!"

Bambo Kondwelani anayang'ana Agogo.

"A Lazarous, kodi njanji yaduka?"

"Njanji ili bwino, Bambo," anatero Agogo. "Koma wokwera m'modzi akali kusokedwa."

Msewu wonse unaseka m'masiki. Ana ena anayamba kuthamangira lole.

Bambo Kondwelani analankhula pa sipika. "Ayi, ayi! Aliyense pa geti pakwawo! Tidikira pang'ono chabe."

Ana anabwerera. Aliyense anaima pa geti pakwawo.

M'nyumba, Amayi anadula ulusi ndi lumo. "Thamanga!"

Tiza anatuluka ngati mphepo. Kutsogolo, diresi yoyera mbee. Kumbuyo, chigamba cha maluwa achikasu.

"Yambitsaninso nyimbo!" anatero Bambo Kondwelani.

Aleluya! Aleluya!

Tiza anaponda kumanja. Anaponda kumanzere. Anakweza manja. Anazungulira. Maluwa achikasu anazungulira naye.

Nosiku anavina pa geti pakwawo. Masitela ena anavina pa mageti akwawo. Mzere unali wautali kuposa wa m'tchalitchi. Amayi analuluta. Msewu wonse unalulutira.

Bambo Kondwelani anakweza dzanja. Anadalitsa Tiza. Anadalitsa Amayi. Anadalitsa Agogo ndi mbendera zawo zomwe.

"A gadi, tingapite tsopano?" anafunsa.

Agogo anawongola chipewa. Anatukula yobiriwira.

Pi-piii! Lole inanyamuka. Nyimbo inapita kukasangalatsa a msewu wina.

Koma Tiza sanaleke. Anavina pa geti. Anavina pa mpopi. Anavina mpaka m'khitchini.

Agogo anamutsatira. Anatukula mbendera yofiira.

"Ima!"

"Ine sindine sitima, Agogo!" anatero Tiza.

Anawagwira dzanja. Agogo anataya ndodo. Amayi anaika singano pansi. Onse atatu anavina, ndipo mphaka anatsika padenga kudzaonerera.